Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Bondo Lotupa Silidikira

Olemekezeka a Nduna,

Ndalemba poyera chifukwa makalata awiri amene ndidasiya kwa akuluakulu a chipatala china muno mu Lilongwe sadayankhidwe.

Mng'ono wanga ali ndi zaka 24 ndipo ankapalasa kabaza ku Area 25. Tsiku lina adadzuka bondo litatupa, likutentha ngati mbale ya phala, thupi lonse lili moto. Atamuyeza malungo n'kupeza kuti alibe, adamupatsa bufeni n'kumuuza kuti wangobinya, mnyamata wamphamvu ngati iyeyu achira yekha. Ulendo wachiwiri adamujambula X-ray, ndipo poona fupa lili bwinobwino adatibweza. Kunyumba achibale adayamba kunena za nyamakazi ndi zotema mphini. Patatha masabata atatu, dokotala wina adalowetsa singano m'bondomo n'kutulutsa mafinya odzaza sirinji, ine ndikuona. Lero bondolo silipinda, ndipo njinga ili pakhonde, matayala ataphwa.

Dokotalayo ndiye adandifotokozera kuti X-ray siionetsa matenda a m'fupa mpaka patapita pafupifupi masabata awiri, pomwe mafinya a m'mfundo amadya chicherewecherewe m'masiku ochepa chabe. Kachilombo kamene kamayambitsa vutoli kawirikawiri ndi Staphylococcus aureus, koma mwa achinyamata chikhozanso kukhala chinzonono kapena TB, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Nanga munthu angasankhe bwanji mankhwala oyenera asadayeze madzi a m'mfundomo?

Zina ndingotchula mwachidule: zoyezera magazi zimatha, zotsatira za ku labu zimachedwa, ndipo odwala amauzidwa kuti akayezetse ku zipatala zolipira.

Sindikunyoza ntchito yanu, bwana. Chipatala cha mafupa cha LION chili pompano mumzinda muno, ndipo tikuthokoza. Koma chimuthandiza chiyani wodwala amene wabwezedwa ndi bufeni asadapatsidwe kalata yopitira kumeneko? Za lonjezo limene atsogoleri a maiko a mu Africa adachita ku Abuja mu 2001, loti 15 peresenti ya bajeti idzipita ku zaumoyo, tidazimva mpaka makutu kuwawa.

Pempho langa ndi ili: lamulani kuti aliyense wofika ndi mfundo yotupa ndi yotentha, thupi likutenthanso, atengedwe madzi a m'mfundomo kapena atumizidwe ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, ngakhale akuoneka wathanzi, ndipo malabu apatsidwe zipangizo zoyezera madziwo.

Ine wanu,
Mkulu wake wa wodwalayo, Lilongwe