Kuno Dzuwa Likulowa Tisanaweruke

Glasgow, 14 Disembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kwathu ku Kawale. Ine ndili bwino, chimfine chokha ndicho chikundisautsa. Ndalama ya feteleza wobereketsa ndatumiza Lachiwiri. Muwauze amalume ku Mitundu asadikire kuti chimanga chichite chikasu ngati chaka chatha.

Kalatayi muwerenge limodzi ndi mphwanga, poti funso lake lija silikanatheka kuyankha pafoni mayunitsi akuthamanga.

Mukukumbuka mu Juni nditakutumizirani chithunzi ndili panja, kunja kuli ngwee, ine n'kunena kuti ndi 9:30 usiku? Munandifunsa kuti bodza ndayamba liti. Lero zatembenuka, Amayi. Dzuwa likutuluka cha m'ma 8:40, pofika 3:45 lalowa kale. Ndimapita kuntchito kuli mdima, ndimaweruka kuli mdima. Gogo amene ndimawasamalira amadya chakudya chamadzulo 5 koloko, panja pali bii ngati nthawi ya afiti. Ngakhale masanasana dzuwalo silikwera kufika paliwombo. Limangokwawa pamwamba pa madenga, lopanda ukali, loti simungayanike nalo ngakhale mpango. Lamlungu ndinaima panja 12 koloko, chithunzithunzi changa chinali chachitali kundiposa kasanu.

Tsopano iwe mphwanga. Unati kumatentha dziko likayandikira dzuwa, kumazizira likatalikira. Usachite manyazi, nanenso ndinamaliza Fomu 4 ndikuganiza choncho. Ndipo kwa munthu wokhala ku Lilongwe zimaoneka ngati zoona, chifukwa dziko limayandikiradi dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, n'kutalikira mu Julayi, pa 152 miliyoni, nthawi imene inu mumaothera moto m'mawa. Koma nanga ife? Januwale yemweyo ndiye amaumitsa madzi kuno. Dziko ndi limodzi, dzuwa ndi limodzi. Ukanakhala mtunda, bwenzi tonse tikutuluka thukuta mwezi umodzi.

Nkhani yagona pakuti dziko ndi lopendekeka, ndi madigiri 23.5. Magetsi akazima usadandaule, chita izi. Tenga lalanje, ulibaye ndi sipoko ya njinga kuchokera pamwamba kutulukira pansi. Ujambule mzere kuzungulira pamimba pake, ndiye ikweta imeneyo. Pansi pang'ono pa mzerewo uike kadontho, ndiyo Lilongwe, madigiri 14 kummwera. Kumtunda kwenikweni uike kena, ndiyo Glasgow, madigiri 56 kumpoto. Kandulo pakati pa tebulo ndiye dzuwa. Upendeke sipokoyo, mutu wake uloze kuchitseko, ndipo uzungulire tebulo osasintha kumene yaloza. Apa ndiye ambiri amaphonya. Mbali ina ya tebulo uona kumpoto kwaweramira kandulo, mbali inayo kwafulatira. Ukapota lalanjelo pa sipoko pamene kumpoto kwafulatira, kadontho kanga kangolawa kuwala pang'ono n'kubwerera mumdima, pamene kako kakhala theka kowala, theka mumdima, chaka chonse. N'chifukwa chake kwanuko usana umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13, pamene kuno umachoka pa 7 kufika 17 ndi theka.

Za kutenthako, walitsa tochi molunjika pakhoma. Uona kabwalo kakang'ono kowala kwambiri. Uipendeke, kuwala komweko kumwazika malo aakulu n'kufooka. Dzuwa lathu la Disembala ndi tochi yopendekayo. Lanu limafika paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi cha pa 11 Febuluwale. Tsiku la mu Febuluwalelo, mitambo ikalola, uzike ndodo yowongoka pabwalo 12 koloko. Chithunzithunzi chake chibisala pansi pake. Unditumizire chithunzi ndikawaonetse anzanga a kuntchito, chifukwa kuno zimenezo sizinachitikepo ndipo sizidzachitika.

Amayi, mwezi nawonso kuno ndi wachilendo. Kwathu ukangooneka kumene madzulo umakhala chagada ngati mbale, mpaka agogo ankati wasunga mvula. Kuno nthawi zambiri umaima chilili, wowala mbali ya kumanja. Mwezi ndi womwewo, ndipo ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kwa dzuwa. Chasintha ndi pamene ndaima ine pa lalanje lija. Mlalang'amba sindinauonepo chibwerereni, magetsi a mumzinda amauphimba. Koma pali nyenyezi ina yotchedwa Polaris, imene kwathu siioneka. Zinzake zonse zimaizungulira usiku wonse, iyo ili phee kumpoto, poti ndi kumene sipoko ya dziko yaloza. Nyenyezi zitatu zondondozana zija, akamwini atsatana, ndinaziona sabata yatha ndikudikira basi. Kwanu zimadutsa pafupifupi pamutu, kuno zimadzera kummwera. Ndinaziyang'ana mpaka basi inatsala pang'ono kundisiya. Ndipo mphwanga, pamayeso usadzalembe kuti Nthanda ndi nyenyezi. Ndi pulaneti, dzina lake Venus.

Chomwe chingakupwetekeni mtima, Amayi, ndi mchere. Kuno amauwaza mumsewu ndi magalimoto akuluakulu, matani ndi matani, inu mukugula wa pakapepala kumsika. Madzi amaundana pa digiri 0, koma akasakanikirana ndi mchere amafuna kuzizira koposa apo kuti aundane, ndiye msewu sutererera. Pakhomo pathu tsiku lina sanawaze. Ndinangoponda kamodzi, miyendo m'mwamba, thumba la mbatata uko, ine chagada. Mayi wina wachikulire ndiye anadzandidzutsa, manyazi ake! Chigongono chatupa koma sindinathyoke, musayambe kusala kudya.

Adokotala anandiuza kuti ndizimwa mapiritsi a vitamini D, chifukwa khungu limapanga vitaminiyu likawombedwa ndi dzuwa, ndipo lathu lakudali limafuna dzuwa lambiri. Ndinaseka ndekha. Dzuwa lomwe ndinkalithawa pa depoti lija, lero ndikuligula m'botolo.

Poimba foni muzikumbukira kuti pano muli patsogolo ndi maola awiri, osati limodzi ngati mu Juni. Anabweza mawotchi kumapeto kwa Okutobala. Mukaimba 6 koloko mukuchokera kokatunga madzi, kuno ndi 4 koloko, ndili mtulo tofa nato.

Moni kwa amalume, azakhali ndi a kumpingo onse. Ufa mukapeza wobwera kuno mutumizeko, wa kuno nsima yake siigwira m'mimba.

Ndine mwana wanu.