Tchuthi cha ana tisachisandutse teremu yachinayi

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi makolo anzanga komanso aphunzitsi pa nkhani ya tchuthi cha ana asukulu. Madzulo a pa 31 Disembala, anansi athu akukonzekera kupita ku mapemphero a usiku wonse, ine ndi bambo a kunyumba tidakhala pakhonde ndi ana athu atatu n'kuwapempha kuti aliyense atchule chimene sadzachiiwala pa chaka chimene chinkathacho. Tili ndi mtsikana wa zaka 14, amene adalemba mayeso a Sitandade 8 m'chaka chomwecho, mnyamata wa zaka 11 ndi wachitsirizira wa zaka 7. Onse atatu, popanda kupangana, adatchula za kumudzi kwa agogo awo ku Dedza, kumene adakhalako masabata asanu pa tchuthi chachikulu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene adatchula tchuthi cha Pasaka, chimene ife makolo tidachiwonongera ndalama zambiri kuposa tchuthi china chilichonse.

Tchuthi cha Pasakacho ana athu sadachione. Sukulu idatsekera Lachisanu, ndipo Lolemba lotsatira anawo adali kale pamsewu ndi zikwama kumsana, kupita ku maphunziro apadera amene aliyense kuno amangowatchula kuti pati taimu. Kalata imene tidalandira idanena poyera kuti aphunzitsi adzayamba mitu yatsopano, choncho mwana amene sabwera adzatsalira m'mbuyo. Kodi ndi kholo liti lingawerenge mawu otere n'kukhala chete? Tidalipira ana onse atatu, ngakhale wamng'ono uja amene adali mu Sitandade 2. Ankachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litapendeka, n'kukhalanso pansi kulemba ntchito yakunyumba. Mtsikana wathu adayamba kudandaula mutu pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kangapo ndidamupeza atagona pamwamba pa makope, nyali ikuyaka.

Sindikunyoza aphunzitsi. Ndikudziwa kuti chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere, ana adachuluka m'sukulu kuposa zipinda ndi aphunzitsi, moti pali makalasi amene mphunzitsi mmodzi amaimirira pamaso pa ana oposa 100. Ndikudziwanso kuti malipiro awo sakugwirizana ndi mitengo ya zinthu pamsika, komanso kuti malo a ku sekondale za boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza mayeso a MANEB. Mantha amenewa ndi amene amatitsegulitsa zikwama. Koma kuphunzitsa mitu yatsopano pa nthawi ya tchuthi, kwa okhawo amene alipira, n'kulanga mwana wa mayi wogulitsa zitumbuwa chifukwa cha umphawi wa makolo ake. Mwana ameneyu amabwerera pa tsiku loyamba la teremu n'kupeza anzake ali patsogolo ndi mitu itatu, ndipo palibe amene adzamubwerezere.

Pofika tchuthi chachikulu, chaka chasukulu chitatha, m'nyumba mudalibe ndalama yoti n'kulipiranso, ndipo ichi ndicho chidatichititsa kuganiza zakumudzi. Ndidakwera nawo minibasi mumsewu wa M1, tidatsikira pa Linthipe n'kukwera kabaza, ndipo ndidakawasiya m'manja mwa mayi anga ndi achimwene anga, amene ndi amalume awo komanso eni mbumba. Sabata yoyamba idali yowawa. Kuzizira kwa ku Dedza ndi mphepo ya mwera zidawasulula milomo, kulibe magetsi, ndipo mnyamata uja adandiimbira pafoni ya amalume ake akulira kuti ndikamutenge. Mayi anga adalanda foniyo n'kundiuza kuti ndimusiye, pakuti mwana sakulira m'manja.

Zimene zidachitika m'masabata otsatirawo ndidazimva pang'onopang'ono, zina kwa ana eni ake, zina kwa achimwene. Inali nyengo yotong'ola chimanga ndi kuchithira mankhwala ophera anankafumbwe. Amalume adapatsa mnyamata uja ntchito yowerengera ndowa zolowa m'thumba la makilogalamu 50, kenaka adamufunsa kuti apeze matumba amene banja la anthu asanu ndi awiri lingadye kufikira chimanga china chitacha, ndiponso amene angatsale ogulitsa kuti pagulidwe feteleza. Mwana amene kusukulu ankalira ndi masamu ogawa adakhala pamphasa ndi khala, akulemba pa chikatoni, mpaka adapeza yankho, ndipo atauzidwa kuti waiwala chimanga chimene chimapita ku maliro ndi kwa aganyu, adayambiranso osanyinyirika. Masamuwo adali omwewo a m'buku, kungoti tsopano kulakwitsa kukadatanthauza njala ya mwezi wa Febuluwale. M'mawa uliwonse ankapita kudimba kukathirira mpiru ndi tomato, ndipo adaphunzira kusiyanitsa mbewu imene yasowa madzi ndi imene yagwidwa nsabwe.

Mtsikana wathu, amene kuno m'tauni sadagwirepo lichero, adabwera akudziwa kupeta, kusinja nsinjiro ndi kutendera nkhwani. Agogo ake adamuonetsa mfutso umene adasunga m'zikwatu ndipo adamufotokozera chifukwa chake masamba amafutsidwa nthawi ya dzinja, pamene ndiwo zili mbwee, kuti adzathandize m'chilimwe. Mutu uja sadaudandaulenso. Uthenga woti wasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera udamupeza komweko, ali pamtondo, ndipo azakhali ake adamululutira mudzi wonse n'kumva. Wamng'ono uja ndiye adalowerera m'masanje, phada ndi chipako pamodzi ndi asuweni ake, ndipo usiku ankakhala pamoto kumvetsera nthano. Mpaka lero akafuna kutisimbira kanthu amayamba ndi “Padangokhala” n'kudikira kuti tonse tiyankhe kuti “Tili tonse”. Izi zidandikhudza kwambiri, chifukwa pali sukulu zina kuno m'tauni zimene zimalanga ana akamayankhula Chichewa, chikhalirecho Chichewacho ndi phunziro limene amadzalembanso pa mayeso a Sitandade 8.

Tsiku lina amalume awo adawatengera ku Chentcherere, kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Dera limeneli lili ndi malo 127 a zojambula zotere, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Ana adaona zojambula zofiira za Akafula, amene adali m'dziko muno Achewa asadafike, ndi zoyera zimene makolo athu adajambula zokhudza chinamwali ndi gule. Mtsikana wathu adati dzina la Chongoni adaliloweza m'kalasi kuti akhozere mayeso, koma sankadziwa kuti malowo ali kufupi ndi kumene mayi ake adabadwira. Kulakwa kumeneku n'kwanga ine kholo, pakuti kwa zaka zingapo ndinkawatengera kumudzi pokhapokha kukagwa maliro.

Ndisanamizire kuti kumudzi kulibe zoopsa. Nyengo yomweyi ndi imene anyamata amatentha tchire posaka mbewa, ndipo moto wotere umawononga nkhalango ndi kupsereza ana. Ndi nyengo imenenso atsikana ambiri amatengera pakati kapena kukwatiwitsidwa, osabwereranso kusukulu mu Seputembala. M'boma lomwelo la Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto adadziwika dziko lonse pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu, ndipo lamulo la maukwati la 2015 pamodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidakhazikitsa kuti wosafika zaka 18 ndi mwana. Komabe lamulo silikhala pakhomo usiku. Amene amakhalapo ndi munthu wamkulu. N'chifukwa chake ndisadabwerere ku Lilongwe ndidakhala pansi ndi achimwene n'kugwirizana nawo kuti mtsikanayo azigona m'nyumba mwa agogo ake, asapite ku mchezo wa usiku popanda wamkulu, ndipo ana onse asatumidwe ku ganyu kapena kusenza zolemera zoposa msinkhu wawo. Kholo limene lilibe m'bale wodalirika kumudzi lisakakamizike. Koma ngakhale m'tauni momwemuno mwana angathe kupuma, kuwerenga buku limene wasankha yekha ku laibulale, kukaona nyama ku Lilongwe Wildlife Centre, kapena kungophunzira kuphika nsima pambali pa amayi ake.

Tchuthi cha Khirisimasi chidali chachifupi ndipo mvula idachuluka. Kalata ya pati taimu idabweranso monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno tidaiyankha mwaulemu kuti ana athu sabwera. Tidapita tonse kumudzi masiku anayi, tidathandiza kupalira, tidadya mpunga ndi nkhuku pa 25 Disembala, n'kubwerera.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu ndi akuluakulu a unduna wa zamaphunziro. Mitu yatsopano iziphunzitsidwa m'kati mwa teremu, pamene mwana aliyense ali m'kalasi, wolipira ndi wosalipira yemwe. Ngati ana a Sitandade 8 akufunika kubwereza zimene adaphunzira kale, kubwerezako kukhale kwa masiku owerengeka, ndipo pasakhale mwana wobwezedwa pakhomo chifukwa chosowa ndalama. Ana a makalasi ang'onoang'ono asiyidwe apume. Ife makolo, amene timakhala chete pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi n'kumakadandaulira panjira, tiyambe kufunsa mafunso amenewa misonkhanoyo ili m'kati, chifukwa kalendala ya boma ili ndi materemu atatu ndipo yachinayiyi tikuilipira ndife.

Pa ulendo wa Khirisimasi uja amalume adapatsa mnyamata wathu mizere 10 kumapeto kwa munda kuti ikhale yakeyake, ndipo adaipalira yekha. Sabata yathayi agogo ake adatumiza uthenga kuti chimangacho chafika m'chiuno ndipo achibandira kale. Iye walemba pa kalendala ya kukhitchini tsiku lotsekera teremu ino, ndipo wandipempha kuti ndiyambe kusunga ndalama ya minibasi kuti pa Pasaka akadye mondokwa wa m'mizere yake.

Mayi wa ana atatu,
Area 25, Lilongwe