Masamba akafiirira, musathamangire mankhwala opopera

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za zomwe ndinaona kudimba kwa mlamu wanga kuno ku Dedza m'mwezi wa July. Repu ndi kabichi wake anayamba kufiirira masamba a m'munsi, iwo n'kuthamangira kumsika kukagula mankhwala opopera. Anapopera kawiri, ndalama n'kupita, masamba ali chifiirire. Wogulitsayo sanawafunse n'komwe kuti manyowa anathira liti.

Ndinaphunzitsa za ulimi kusekondale mpaka ndinapuma, ndipo zoterezi zimandiwawa, chifukwa mbewuzo sizinkadwala. Zinali ndi njala ya nayitirojeni, chakudya cha mbewu chopezeka m'manyowa ndi m'feteleza, kuzizira kwa kuno n'kuwonjezerapo.

Kubiriwira kwa tsamba kumachokera ku utoto wotchedwa chlorophyll, ndipo popanda nayitirojeni mbewu singamupange. Chakudyachi chikachepa m'nthaka, mbewu imalanda cha m'masamba akale n'kupatsa anthete. N'chifukwa chake chimanga chanjala chimayamba chikasu m'munsi, kuchokera kunsonga ya tsamba kutsika ndi msempha wapakati ngati chilembo cha V. Koma dzuwa silileka kuwomba. Tsamba limapangabe shuga pomwe kukula kwaima, shugayo n'kuunjikana kusowa ntchito. Mbewu imamugwiritsa ntchito kupanga utoto wofiirira wotchedwa anthocyanin, umene mkati mwake mulibe nayitirojeni ngakhale pang'ono. Utotowu umatchinga tsamba lofookalo kuti dzuwa lisaliwononge pomwe mbewu ikukoka chakudya chotsala. Ndiye kupopera apa n'kumwetsa munthu wanjala mankhwala a malungo.

Zonsezi zimalamulidwa ndi majini, ndikutanthauza a chibadwa cha mbewu, osati aja a kwa asing'anga. Akatswiri ofufuza kachitsamba kotchedwa Arabidopsis anapeza kuti jini ya PAP1 imayatsa ntchito yopanga utotowu njala ikafika, pomwe ena monga LBD37 amaizimitsa nayitirojeni akakwana. Pa chimanga, majini a utoto monga R, B ndi C1 anadziwika kalekale, ndipo mayi Barbara McClintock, amene anafufuza mawangamawanga a pa njere za chimanga, analandira mphoto ya Nobel mu 1983. Choncho mitundu iwiri ya chimanga ingadzalidwe pa mzere umodzi, njala n'kukhala yofanana, wina n'kufiirira, wina n'kungotuwa. Alimi ena amathamangira kunena kuti anagulitsidwa mbewu yachinyengo. Mbewu yachinyengo ilipo ndithu, koma utoto wokha si umboni.

Pano ndichenjezepo. Chimanga chaching'ono chikafiirira m'mphepete mwa masamba, kawirikawiri chimakhala chikusowa chakudya china chotchedwa fosiforasi, kapena mizu yazizidwa. Urea, feteleza wobereketsa, ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 aliwonse, koma fosiforasi alibe; fosiforasiyo amapezeka mu feteleza wokulitsa. Amene anadumpha feteleza wokulitsa poganiza kuti wobereketsa akonza zonse, aona yekha pokolola.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti tsamba lanu la ulimi lizitulutsa zithunzi za mitundu zoonetsa kusiyana kwa njala ya nayitirojeni, ya fosiforasi ndi matenda enieni, mvula isanagwe. Alangizi ndi ochepa, koma nyuzi imodzi imazungulira mudzi wonse.

Mlamu wangayo pamapeto pake anathira manyowa a nkhuku owolerana bwino. Patatha masabata awiri masamba atsopano anatuluka obiriwira, ofiirira aja anathyolera mbuzi. Botolo la mankhwala likadali pakhonde, latsala theka.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza