Mawu a Chinorway ndi ophatikiza, muyambe mwapeza mfundo yake

A Mkonzi,

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Bergen, mzinda wa ku Norway, ndipo ndalemba kuti anzanga amene akuphunzira Chinorway asavutike monga ndinavutikira ine.

Anthu akuno amamata mawu awiri kapena atatu nʼkukhala liwu limodzi. Malo amene ndimagwira ntchito amati sykehjem, kuchokera ku syke, odwala, ndi hjem, kwawo kwa munthu. Sukulu ya mkaka ndi barnehage, ndiye kuti dimba la ana. Ife tinazolowera kukoka chakumapeto kwa liwu, monga timachitira ponena kuti nyuumba. Ine ndinkakokanso choncho, barnehaage, agogo ena amene ndimawasambitsa nʼkumangondiyangʼana. Tsiku lina anamenya tebulo ndi chikhatho: BAR-nehage! Mphamvu imagwera pa liwu loyambalo, lachiwiri limangotsatira mʼmbuyo ngati mwana wopita kumunda ndi mayi ake.

Chovuta china nʼkudziwa pamene mawuwo alumikizana. Pilspiss ndi nsonga ya muvi mukadula kuti pil-spiss. Mukadula pils-piss ndiye mwanena mkodzo wa mowa, pepani a Mkonzi pakamwa panga. Poimira basi amati busstopp, buss ndi stopp, koma s mmodzi amatayidwa chifukwa salemba atatu motsatizana. Liwulo likaduka kumapeto kwa mzere, s uja amabwerera: buss-stopp.

Eni akewo amaphonyanso, musaganize kuti ndi ife tokha. Røykfritt ndi malo oletsa fodya, koma wina akasiya mpata nʼkulemba røyk fritt, wauza anthu kuti sutani mmene mungafunire. Lammelår ndi mwendo wa nkhosa wa pambale, pamene lamme lår ndi ntchafu zakufa ziwalo.

Chimene chinanditonthoza ndi kamvekedwe. Bønder, alimi, ndi bønner, nyemba, powatchula amasiyana pa kukwera ndi kutsika kwa mawu basi. Anzanga a mʼkalasi ochokera ku Poland ankatuluka nazo thukuta. Ine ndinangokumbuka mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, khutu langa linali kale pa ntchito imeneyi kuyambira ndili mwana.

Koma barnehage ija, ndikatopa madzulo, imandipulumukabe mwa Chichewa, ndipo agogo aja sanasiye kumenya tebulo.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Dedza, wokhala ku Bergen