Aphunzitsi a programming, ana asamangoloweza code ya linked list

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndidandaulepo za mmene makoleji ena a zamakompyuta muno mu Lilongwe akuphunzitsira linked list, njira yosungira data mu program pomwe chinthu chilichonse chimaloza chotsatira chake.

Mphwanga ali pa koleji ina konkuno, anandionetsa assignment yake ya Java yomwe aphunzitsi anachonga kuti wakhoza. Muli LinkedList ya mayina a makasitomala, iye waika for loop ndiye ikazungulira kamodzi akuitana get(i), kutanthauza ndipatse dzina la pa nambala i. Code ikuyenda ndithu koma mwanayo sakudziwa zomwe zikuchitika kuseriko. Mu array zinthu zimakhala moyandikana mu memory, mukati ndipatse cha nambala 500 kompyuta imangowerengera n'kufika pomwepo. Mu linked list node (kachigawo ka list) iliyonse imasunga data yake ndi pointer yoloza node yotsatira basi, zili ngati kusaka nyumba ya munthu ku Mtandire, mufunsa apa akulozerani uko, ukonso akulozerani kutsogolo mpaka mwafika. Ndiye get(i) iliyonse imayambanso ulendo wake, ya Java node zake zimalozanso kumbuyo ndiye imangochenjerako poti imayambira kumutu kapena kumchira, komwe kuli pafupi. Pa mayina 20 simuona vuto lililonse. Ikanimo 10,000 muone, masitepe amafika cha m'ma 25 miliyoni pomwe iterator (kachida koyenda node ndi node osayambiranso) kapena for-each ikanangodutsa kamodzi n'kumaliza. Tsono ma laptop a ana athu ambiri ndi akaunjika, otopa kale.

Anzathu a C++ sanafune zonyengererana, std::list ilibe n'komwe zoti list[5], amakupatsani front(), back() ndi iterator, mukafuna chapakati muyende nokha ndi std::advance mumve kutalika kwake. Komanso front() pa list yopanda kanthu ndi undefined behaviour, program itha kugwa kapena kukupatsani zinyalala, ndiye muziyamba mwafunsa empty().

Zinthuzitu si zadzulo, Allen Newell, Cliff Shaw ndi Herbert Simon ankazigwiritsa kale ntchito cha m'ma 1956, palibe chifukwa choziphunzitsira mwachidule chonchi.

Pempho langa kwa aphunzitsi: ku lab muziwapatsa ana data yambiri, ayese njira zonse ziwiri, ayeze nthawi okha. Ndipo ngati ntchitoyo ikufuna kumatenga zinthu ndi nambala pafupipafupi, auzeni atenge ArrayList kapena vector, zomwe zimasunga zinthu ngati array, linked list aisungire pomwe akuchotsa ndi kulowetsa zinthu pakati ali kale ndi iterator pamalopo.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe