Kalata yochokera ku Mokpo

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana umandiwawa pang'ono ndikaweruka, koma musade nkhawa. Ndalama ya feteleza ndatumiza kwa achimwene, ikakufikani mundidziwitse. Mudabwa kuti lero ndalemba pepala m'malo moimba foni. Mphwanga akuwerengereni pang'onopang'ono, chifukwa chake muchimva.

Sabata yatha kunali Chuseok, chikondwerero cha zokolola chimene aliyense amapita kwawo kukaona makolo ndi kulambula manda. Kuntchito anatseka. Madala wina amene timawotcherera naye zitsulo za sitima ataona kuti ndilibe kolowera, ananditenga kupita kuchilumba cha Hauido, kwawo kwa akazi ake. Tinakwera sitima padoko la Mokpo m'mamawa, n'kuyenda maola awiri ndi kanthu pakati pa tizilumba tosawerengeka. Titatsika anayamba wandionetsa nyumba imene anabadwira Kim Dae-jung, amene anali pulezidenti wa dziko lino la South Korea kuyambira 1998 mpaka 2003. Madalawa samutchula dzina ayi. Amangoti "seonsaengnim", kutanthauza kuti aphunzitsi.

Amayi, nyumba yake ndi yofolera ndi mapesi a mpunga, zipupa zomata ndi dothi, tizipinda tating'ono, pakhomo pochita kuwerama. Anaimanganso mu 1999 pamalo pamene inali kale, m'mudzi wa Hugwang-ri. Chapafupi pali minda yamchere, pamene amatsekera madzi a m'nyanja kuti aume ndi dzuwa. Ndinakhala pakhonde lathabwa, ndinagwira chipupa, dothi lake lokhakhala ngati la khitchini yanu ija. Mtima unathawira kwathu nthawi yomweyo.

Kim Dae-jung anabadwira pamenepo mu 1924, dziko lino likulamulidwa ndi Japan. Makolo ake ataona kuti mwanayo ndi wanzeru, anasamukira ku Mokpo kuti apitirize sukulu, ndipo mayi ake ankayendetsa nyumba yogona alendo kuti fizi ipezeke. Nditamva zimenezo ndinakumbukira mbuzi zanu ziwiri zija munagulitsa ndikulowa Fomu 3.

Za ndale zake ndi zambiri, ndingotchulako zimene zandikhala mumtima. Mu 1961 anapambana mpando wa kunyumba ya malamulo atagwapo kangapo, koma pasanathe sabata asilikali a Park Chung-hee analanda boma, nyumbayo n'kutsekedwa. Mu 1971 anapikisana ndi Park yemweyo pa upulezidenti, anatsala pang'ono kumugwetsa. Chaka chomwecho lole inawomba galimoto yake, ndipo kuyambira pamenepo anayenda motsimphina mpaka imfa yake. Mu Ogasiti 1973 akazitape a boma anamuba mu hotela ku Tokyo, anamumanga, kumuphimba m'maso, n'kumukweza m'boti kuti akamuponye m'nyanja. Anapulumuka chifukwa America inalowererapo, ndipo patapita masiku 5 anamutaya pafupi ndi nyumba yake ku Seoul. Mu 1980 asilikali ataombera anthu mumzinda wa Gwangju, khoti la asilikali la Chun Doo-hwan, mkulu wa asilikali amene anali atalanda boma, linamugamula kuti aphedwe. Pofotokoza za Gwangju madala aja anasiya kuyankhula, anangoyang'ana kunyanja nthawi yaitali. Iwo anali mnyamata wa sekondale chaka chimenecho.

Tsono mverani ichi. Mayiko akunja atachita phokoso, chilango cha imfa chinasinthidwa, ndipo anamutsekera kundende ya Cheongju. Kumeneko ankaloledwa kulembera banja lake kamodzi pamwezi, pa kapepala kamodzi kokha. Ndiye ankalemba tizilembo tating'onoting'ono ngati nyerere, kudzaza mpaka m'mphepete, kuti mawu onse akwane. Madala anandionetsa chithunzi chake pafoni, ndinachita kuchikulitsa ndi zala kuti ndione kuti ndi zilembo. Ankalangiza ana ake, kufotokoza mabuku amene akuwerenga ndi za chikhulupiriro chake, poti anali Mkatolika. Akazi ake, Lee Hee-ho, ankamulembera pafupifupi tsiku lililonse. Pageti la nyumba yawo ya ku Donggyo-dong ku Seoul, mmene apolisi ankamutsekera kambirimbiri osamulola kutuluka, panali maina awiri moyandikana, lake ndi la akazi ake, nthawi imene pageti pankalembedwa dzina la bambo lokha.

Ndinaganiza za amalume aja anatengedwa usiku nthawi ya chipani chimodzi, ine ndisanabadwe. Munandiuzapo kamodzi kuti zaka zonse zimene anakhala m'ndende simunalandireko ngakhale kapepala, ndipo agogo anamwalira akuyang'anabe kumsewu. Nkhaniyo sindinaifunsenso, ndinkaopa kukutsegulani bala. Ndili pakhonde paja ndinazindikira kuti ndikudziwa zambiri za mkaidi wa dziko la eni kuposa za mlongo wa mayi anga.

Kim Dae-jung anapambana upulezidenti mu Disembala 1997, ulendo wake wachinayi kupikisana. Asanalumbire n'komwe anavomereza kuti Chun Doo-hwan, yemwe uja anafuna kumupha, atulutsidwe m'ndende. Pamenepo ine ndi madala tinasiyana maganizo. Iwo akuti anachita changu, anthu a ku Gwangju anali asanapukute misozi, ndipo Chun anafa osapepesa. Ine ndikuti munthu amene anamva chingwe m'mikono ndiye woyenera kunena za chikhululuko. Koma sindinawatsutse kwambiri, pakuti iwo anaona ndi maso, ine ndangomva. Mu 2000 anapita ku Pyongyang kukakumana ndi Kim Jong-il, mtsogoleri wa North Korea, mabanja ena olekanitsidwa ndi nkhondo ya mayiko awiriwa kwa zaka 50 anaonananso, ndipo chaka chomwecho analandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Anamwalira mu Ogasiti 2009.

Pempho langa ndi ili, amayi. Mukapeza mpata madzulo, khalani ndi mphwanga mumuuze za amalume, iye azilemba: anabadwira pati, ankakonda chiyani, anatengedwa mwezi uti, anabwera akuoneka bwanji. Ndipo bwinja la agogo lija achimwene asalimepo chaka chino, ndikufuna ndidzalione ndikabwera. Mu envelopu muno ndaikamo chithunzi cha nyumbayo. Mundiperekere moni kwa azakhali ndi anzanu a kumvano.

Ndine mwana wanu wokusowani.