Kalata kwa mpingo: za anthu a ku Myanmar ndi za ufa uli mu stolo yathu

Okondedwa abambo, amayi ndi achinyamata a mpingo wathu,

Mtendere wa Ambuye Yesu Khristu ukhale nanu nonse.

Lamulungu lapitali ndinatchula dziko la Myanmar m'pemphero. Titatuluka, mayi wina wa Mvano anandiyimitsa pakhomo nati, "Abusa, dziko limeneli lili kuti? Nanga tikulipempherera bwanji pomwe athu mavuto ali gwa?" Ndinawayankha mwachangu chifukwa maliro ankandidikira, ndipo mtima wanga sunakhutire. Ndiye ndati ndilembe, kuti ndiyankhe mayiwo ndi nonse amene munali ndi funso lomweli.

Myanmar, dziko limene ena amalidziwa kuti Burma, lili ku Asia, m'malire ndi India, China ndi Thailand. Kummwera kwake mtsinje waukulu wa Irrawaddy umagawikana timitsinje tambirimbiri usanathire m'nyanja. Ndi dera lathyathyathya, la minda ya mpunga ndi asodzi, ndipo nyumba zambiri n'zansungwi. Usiku wa pa 2 Meyi 2008 namondwe wotchedwa Nargis anafika kumeneko. Nyanja inafufuma n'kulowa kumtunda, mumdima, anthu alibe phiri lothawirako. M'maboma a Labutta ndi Bogale midzi ina inaseseka yonse. Boma la dzikolo linavomera kuti anthu oposa 84,000 anafa, ndipo ena oposa 53,000 anasowa. Anthu oposa mamiliyoni awiri anatsala padzuwa.

Ife sitisowa wotifotokozera namondwe. Mu Malichi 2023 tinaona matope a Freddy akutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ena mwa inu munakumba ndi makasu, ena ndi manja, kufuna abale anu. Ndimakumbukirabe nsapato ya mwana imene mnyamata wina anaitola m'matope n'kuyenda nayo tsiku lonse, akufunsa aliyense ngati akuidziwa. Mphepo ndi madzi sitingazitsutse. Koma chimene chimandisowetsa tulo pa nkhani ya ku Myanmar ndi zimene anthu anachita madzi ataphwa.

Nthawi imeneyo dzikolo linkalamulidwa ndi asilikali, mkulu wawo ali Than Shwe. Mayiko atamva za ngoziyi anafuna kuthandiza, koma boma linakakamira zilolezo zolowera m'dziko. Madokotala ndi akatswiri a madzi anangokhala ku Bangkok, likulu la Thailand, kudikira. Sitima zapamadzi za America ndi France zinafika pafupi, zitadzaza chakudya, mankhwala ndi madzi akumwa, zinadikira masabata, kenako zinatembenuka osaloledwa kukocheza. Mpaka pa 23 Meyi, mkulu wa United Nations wa nthawiyo, Ban Ki-moon, atapita yekha kukaonana ndi Than Shwe, m'pomwe analonjeza kutsegula chitseko. Masabata atatu! Inu amayi mukudziwa kuti mwana wotsegula m'mimba sadikira masabata atatu. Ndipo katundu wina amene analowa, ankamuonetsa pa wailesi ya kanema akugawidwa ndi akuluakulu a asilikali, mabokosi ena atalembedwa mayina awo, ngati kuti watuluka m'nkhokwe zawo.

Chimene chinali pamtima pawo n'china. Anali atakonza referendamu ya malamulo atsopano a dziko pa 10 Meyi, ndipo anaichititsabe, patangotha masiku asanu ndi atatu, mitembo ikadayandama m'ngalande. Kumadera okhudzidwa kwambiri anangoisuntha kufika pa 24 Meyi. Analengeza kuti anthu oposa 92 pa 100 aliwonse avomereza. Malamulowo ankapatsa asilikali mpando umodzi pa mipando inayi iliyonse ya m'nyumba ya malamulo, popanda kuvoteredwa. Inu amene munaponya voti mu referendamu yathu ya 1993, kusankha pakati pa nyali ndi tambala, mukudziwa kulemera kwa tsiku lotere. Taganizani kuitanidwa ku mzere wa voti musanaike mwana wanu m'manda.

Mantha awo anali ndi pochokera. Mu Seputembala 2007 amonke a chipembedzo cha Chibuda, ovala nsalu zofiirira, anayenda zikwizikwi m'misewu ya Yangon, mzinda waukulu wa dzikolo, mafuta atakwera mtengo modzidzimutsa. Asilikali anawamenya, anaombera anthu, ambiri anatsekeredwa. Mayi Aung San Suu Kyi, amene chipani chawo chinapambana chisankho cha 1990 koma osapatsidwa ulamuliro, anali atatsekeredwa m'nyumba mwawo, ndipo m'mwezi womwewo wa namondwe boma linawonjezera chaka china. Boma lotere limaona mdani mwa aliyense amene anthu angamuthokoze.

Komabe anthu wamba sanakhale manja lende. Amonke anatsegula nyumba zawo zachipembedzo kuti anthu agonemo. Matchalitchi anachitanso chimodzimodzi, pakuti m'dera limenelo muli akhristu ambiri a mtundu wa Karen. Anthu a mu Yangon ankasonkha mpunga ndi zovala n'kukweza m'magalimoto awo. Katswiri wa nthabwala wotchuka m'dzikomo, Zarganar, anasonkhanitsa anthu mazanamazana ongodzipereka, ndipo anauza atolankhani akunja zimene anaona. Mu Juni anamangidwa. Anamugamula zaka 59, kenako anazitsitsa kufika pa 35, ndipo anatuluka mu 2011. Enanso anamangidwa chifukwa chotola mitembo yosiyidwa m'minda n'kuiika m'manda.

Pamenepa ndipo pamene ndimalephera kupitirira. Kwathu kuno adzukulu amalemekezeka. Munthu wokumba manda amapatsidwa nsima poyamba. Kumeneko anamangidwa unyolo. Werenganinso 2 Samueli 21. Rizipa, ana ake ataphedwa n'kusiyidwa paphiri, anayala chiguduli pathanthwe nakhala pomwepo kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula inagwa, akuingitsa mbalame masana ndi zilombo usiku. Sanagwire lupanga, sananyoze mfumu. Koma kukhala kwake pamenepo kunali kudzudzula, mpaka Davide anamva nalamula kuti mafupawo aikidwe mwaulemu. Davide anamva n'kuchitapo kanthu. Olamulira a ku Myanmar anamva n'kutumiza apolisi.

Ndipo sizinathe. Pa 1 Febuluwale 2021 asilikali analandanso boma motsogozedwa ndi Min Aung Hlaing. Pa 28 Malichi 2025 chivomezi chachikulu chinagwetsa nyumba ku Mandalay ndi Sagaing, n'kupha anthu oposa 3,000. Ulendo uno anapempha thandizo lakunja, koma ndege zawo zankhondo sizinaleke kuponya mabomba m'madera amene amawatsutsa. N'chifukwa chake ndinawatchula m'pemphero.

Tsopano ndibwere pakhomo pathu, pakuti sindingaloze chala kutali ndikusiya zapafupi. Ife tilibe mfuti, koma tili ndi kiyi wa stolo ndi kope la mayina. Pogawa ufa ulendo watha, ndinamva kuti gogo wina anachotsedwa pa mndandanda chifukwa anadandaula pagulu kuti muyeso unali woperewera. Ndinamvanso kuti mayina ena analowa chifukwa cha ubale. Sinditchula munthu, ndipo inenso ndili ndi mlandu, chifukwa ndinasayina kopelo osaliwerenga bwino. Ndapita kukapepesa kwa gogoyo.

Choncho ndagwirizana ndi akulu a mpingo ndi atumiki kuti kuyambira tsopano mndandanda uziwerengedwa poyera m'milaga tisanagawe. Wovutika sadzafunsidwa chipani chake, mpingo wake kapena mtundu wake. Pa thumba sipadzalembedwa dzina la munthu aliyense, ngakhale la amene wapereka zambiri, ngakhale langa. Ndipo amene wadandaula adzamvedwa, adzalandiranso gawo lake tsiku lomwelo.

Lachitatu likudzali pa mapemphero a madzulo tidzapempherera anthu a ku Myanmar: amasiye, andende, akhristu, Abuda ndi Asilamu omwe, komanso olamulira awo kuti Mulungu afewetse mitima yawo. Amene muli ndi ufa, nyemba kapena zovala zoti muthandize nazo anzathu a m'dera lathu lino, mubwere nazo tsiku lomwelo, mukapereke kwa atumiki awiri amene adzakhale pakhomo ndi kope.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu.

Ine mbusa wanu.